Kodi 1,000,001 ndi prime? Mawa ndiwayankhe bwanji ana?

Madamu a ku Namwera: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Ku Fomu 1 tili pa ma prime number (manambala oposa 1 amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi), ndiye mtsikana wina walemba 1,000,001 pa bolodi n'kufunsa ngati ili prime. Tagawa ndi 2 ndi 5, ikutsala 1. Tagawa ndi 3, 7, 11 ndi 13, ikutsala 2 nthawi zonse. Kalasi yonse yagamula kale kuti ndi prime. Makakyuleta tilibe.

Bambo a ku Monkey Bay: Agamula msanga, madamu. Lamulo ndi kuyesa ma prime onse mpaka pa square root ya nambalayo (nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka nambalayo), ndipo apa ndi 1,000 n'kapitirira pang'ono. Ma prime osafika 1,000 alipo 168.

Madamu a ku Namwera: 168 pa piriyodi imodzi? Belu lilira choko chitatha kale.

Bambo a ku Makanjira: Simufika kutali choncho. Imagawika ndi 101, yomwe ndi prime ya nambala 26 pamndandanda. 101 × 9,901 = 1,000,001. Koma chonde musangowapatsa yankho, aone okha chifukwa chake. Dulani nambalayo manambala awiriawiri kuyambira kumanja: 1 | 00 | 00 | 01. Kenako muziphatikiza ndi kuchotsera mosinthanasinthana: 01 − 00 + 00 − 1 = 0. Ikatuluka 0, ndiye kuti 101 ikulowa bwinobwino. Zimatheka chifukwa 100 imaperewera 1 yokha kuti ikwane 101, monga momwe 10 imaperewera 1 pa 11. Ana amene adziwa kale kuyesa 11 sachedwa kuigwira.

Bambo a ku Monkey Bay: Zoona. Ndipo 9,901 nayonso ndi prime, kotero ma factor a 1,000,001 (manambala amene amaigawa popanda chotsala) onse ndi anayi basi: 1, 101, 9,901 ndi mwini wakeyo. Atatu oyambawo mukawaphatikiza akupanga 10,003, osafika n'komwe pa 1,000,001, n'chifukwa chake mabuku amaiika m'gulu la deficient, kutanthauza kuti yoperewera. Ine chimene chimandikoka mtima ndi ichi: 1,000² + 1² ndi 980² + 199² zonse zikupereka 1,000,001. Katswiri wa masamu wakale, Euler, ankagwiritsa ntchito njira yotereyi pofuna ma factor, poti prime singalembedwe kawiri mosiyana ngati ma square awiri ophatikiza. Koma izi musungire a Fomu 3.

Madamu a ku Namwera: Mwandimasula, akuluakulu. Nanga mtsikana yemweyo akafunsa kuti tadziwa bwanji kuti 9,901 ndi prime?

Bambo a ku Makanjira: Afunse ndithu, mwana wotero musamutseke pakamwa. 100 × 100 ndi 10,000, yapitirira kale, ndiye muyese ma prime mpaka 97. Alipo 25. Magulu asanu, gulu lililonse ma prime asanu, aliyense ndi long division m'kope mwake. Chimodzi chokha: musawapatse 1,000,003 ngati homuweki. Imeneyo ndi prime yeniyeni, yoyamba mukangodutsa miliyoni, ndipo ana adzachezera usiku wonse osapeza kanthu.