Mlandu wa ngongole ya malemu autaya kukhoti, ndiyambire pati?

Wa ku Germiston: Moni nonse pagulu pano. Achimwene anga anamwalira kuno ku South Africa chaka chatha. Asanadwale anagulitsa galimoto yawo, ndipo wogulayo anatsala ndi R18,000 yomwe mpaka lero sanapereke. Ndinakasuma ku Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa, koma dzulo komishonala (woweruza wa khotilo) wautaya mlanduwo osafunsa n'komwe za ngongoleyo. Akuti ndilibe mphamvu yosuma. Munthu wa bere limodzi ndi ine! Kodi ndi chifukwa choti ndine mlendo?

Mayi a ku Durban: Pepani ndi maliro, achimwene. Kukhala mlendo sikukukhudzana nazo ayi. Inenso zinandigwera bambo akwathu atatisiya. Munthu akamwalira, ngongole zonse zomwe anthu anali nazo kwa iye zimalowa m'chuma chamasiye, ndipo wosuma ndi yekhayo amene wapatsidwa kalata ndi ofesi ya Master of the High Court, yomwe imayang'anira chuma chamasiye. Chuma chikakhala chosapitirira R250,000 amapereka Letter of Authority, chikaposa pamenepo ndi Letters of Executorship. Popanda pepala limenelo, ngakhale mkazi wa malemu amabwezedwa pakhomo. Lamulo limati imfa ikanenedwe kwa Master pasanathe masiku 14, koma musachite mantha, ochedwa amawalandirabe.

Wa ku Germiston: Ndiye kuti ndalamayo yapita basi?

Mkulu wa ku Bellville: Ayi mphwanga, sinapite. Khoti silinanene kuti ngongole palibe, langoti wabwera ndi munthu wolakwika. Wokhala ndi kalata atha kukasuma mwatsopano. Chondiopsa ine ndi nthawi. Prescription Act ya 1969 imati ngongole wamba imafa pakatha zaka 3 kuchokera tsiku lomwe inayenera kulipidwa. Ambiri timaganiza kuti kalata yokumbutsa ngongole imaimitsa nthawiyo. Siimitsa. Chomwe chimaimitsa ndi samani ya kukhoti ikafika m'manja mwa wangongoleyo, kapena iye mwini akavomera kuti ngongoleyo akuidziwa. Ndiye ngati analembapo pa WhatsApp kuti adzalipira mwezi wamawa, musafufute, jambulani musunge pawiri. Lamulo limaperekako mpata ngati mwini ndalama wamwalira ndipo woyang'anira chuma sanasankhidwe, koma musagonere pamenepo.

Wa ku Polokwane: Ndiwonjezere kuti malire a Small Claims anawaika pa R20,000 mu 2019. Yanuyo ikukwana. Musaiwale kumupatsa kaye wangongoleyo kalata yoti alipire pasanathe masiku 14 musanatenge samani, ndipo kasumeni kudera komwe iye amakhala kapena komwe anagulitsirana ndi malemu. Khoti lolakwika nalonso limabweza anthu.

Mayi a ku Durban: Koma achimwene, ndikufunseni mosabisa. Malemu anasiya banja? Analemba wilo?

Wa ku Germiston: Wilo palibe. Alamu ali kumudzi ndi ana awiri. Kuno kulinso mwana mmodzi amene anabereka ndi mayi wina, sanakwatirane.

Mayi a ku Durban: Apa ndiye mumve bwino, chifukwa mabanja ambiri amadana pa mfundo imeneyi. Pa Intestate Succession Act ya 1987, ngati pali mkazi ndi ana, mchimwene salandira kanthu. Mkazi amatenga R250,000 kapena gawo lofanana ndi la mwana mmodzi, chomwe chakula pa ziwirizi, zotsala n'kugawira ana. Ndiye chuma chikakhala chochepa, chonse chimapita kwa alamu anuwo. Mwana wa kunoyo lamulo limamuwerenga mofanana ndi anzake awiri aja, musayerekeze kumubisa pa mafomu. Zikadzaululika, kalata ija atha kukulandani. Zoti chuma chimagwera mwamuna wamkulu m'banja zinathetsedwa ndi Constitutional Court mu 2004 pa mlandu wa Bhe.

Mkulu wa ku Bellville: Mayi anena zoona, koma pali kena. Pa katundu wosunthika, monga ndalama ndi galimoto, amayang'ana dziko lomwe malemu ankalitenga ngati kwawo kokhazikika. Ngati ankangogwira ntchito kuno mtima uli kobwerera, likhoza kugwira ntchito ndi lamulo la Malawi la chuma chamasiye la 2011. Nalonso limaika patsogolo mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Funso limeneli kalifunseni ku Legal Aid South Africa, osati kwa aja amaima panja pa khoti n'kumati akuthandizani mwachangu.

Wa ku Polokwane: Ngati malemu ankadulidwa provident fund (ndalama zosungira nthawi yopuma pantchito) kuntchito, imeneyo njira yake ndi ina. Silowa m'chuma chamasiye. Pa gawo 37C la Pension Funds Act, matrasti, omwe amayang'anira ndalamazo, ndiwo amafufuza onse amene ankadalira malemu, ndipo ali ndi miyezi 12. Pamenepo mwana wa kuno, ngakhalenso amayi anu ngati ankawatumizira ndalama, atha kuganiziridwa. Malisiti otumizira ndalama ndi umboni wamphamvu.

Wa ku Germiston: Zikomo kwambiri akuluakulu, maso atseguka. Ine sindimafuna kudya ndalamayi, ndimafuna ifike kwa ana. Kwa Master ndinyamule chiyani?

Mayi a ku Durban: Satifiketi ya imfa, pasipoti ya malemu ndi yanu, umboni wa ukwati, mapepala a kubadwa a ana onse atatu, ndi mndandanda wa katundu kuphatikizapo ngongoleyo. Alamu alembe kalata yokusankhani inu kuti muyendetse chumacho, asayinire pamaso pa wolumbiritsa. Ayimbireni lero lomwe, muwauzenso za mwana wa kuno asanazimve kwa ena.