Kodi a Visigoth anathera kuti? Buku langa lathothoka masamba pakati

Mlonda wa ku Kanengo:

Moni nonse akuluakulu. Ine ndimagwira ulonda pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Kanengo. Usiku ndi wautali, ndiye kuti tulo tisandibe ndimawerenga chilichonse chomwe chandigwera m'manja. Mwezi watha ndinagula buku la mbiri ya ku Ulaya kwa anyamata oyala mabuku pansi ku Old Town. K2,000, lopanda chikuto. Nditafika nalo kuntchito m'pamene ndinaona kuti masamba ena pakati anathothoka, kaya wina anakulungira mandasi.

Koyambirira ndinamva bwinobwino. Phanga la Altamira ku Spain, kamtsikana komwe mu 1879 kanakweza maso n'kuona njati zojambulidwa kudenga, bambo ake ali jijirijijiri kufukula pansi. Ndinaseka ndekha pokumbukira zojambula za pamiyala ku Chongoni, zomwe ife timangozidutsa pa minibasi popita kumudzi osaima n'komwe. Za Agiriki ndi Aroma nazonso zinayenda.

Vuto lili apa. Mu 376 mtundu wina wotchedwa a Goth unafika m'mbali mwa mtsinje wa Danube ukuthawa a Hun, n'kupempha mfumu ya Aroma, Valens, kuti iwalole kuwoloka. Tsamba lathera pomwepo, anthu ali m'mabwato. Tsamba lotsatira ndawapeza ali mafumu ku Spain, akutchedwa a Visigoth, likulu lawo Toledo. Kutsogolo pang'ono zii, sakutchulidwanso.

Chomwe chandisowetsa mtendere n'chakuti ine kwathu ndi ku Ntcheu, Mngoni. Agogo anga aamuna ankatiuza kuti makolo athu anathawa nkhondo za Shaka n'kuwoloka Zambezi. Ankayimba ngoma m'Chingoni mpaka misozi, koma ukawafunsa tanthauzo la mawu ena ankangoti "n'zakale zimenezo, vina." Ine Chingoni changa chimathera pa "bayethe". Ndiye othawa nkhondo aja anakhala bwanji mafumu? Nanga anathera kuti? Anaphedwa onse, kapena zinawachitikira zomwe zinatichitikira ifezi?

Mphunzitsi wopuma, Likuni:

Mwafunsa bwino achimwene. Ndinaphunzitsa mbiri mpaka kupuma, koma anthu amenewa m'kalasi tinkangowalumpha ngati chithaphwi. Bwerani ndikumatireni masamba othothokawo.

Valens anawalola kuwoloka chifukwa ankafuna asilikali. Koma akuluakulu omwe anapatsidwa ntchito yowadyetsa anaonapo podyera. Njala itafika posauzana, ankawagulitsa nyama ya galu, galu mmodzi mtengo wake mwana mmodzi wopita ku ukapolo. Anthu anatola mikondo. Pa 9 Ogasiti 378, ku Adrianople, komwe lero ndi Edirne m'dziko la Turkey, anaphwanya gulu lankhondo la Aroma. Valens anafera pomwepo, mtembo wake sunapezeke.

Mu 382 anapangana mtendere: tikupatsani malo, inu muzitimenyera nkhondo. Alaric, mtsogoleri wa a Goth yemwe mabuku amamujambula ngati chilombo, anamenyerapo nkhondo Aroma omwewo. Chomwe ankafuna ndi udindo, malipiro, ndi malo a anthu ake. Atatopa ndi "bwerani mawa", analowa mumzinda wa Roma mu Ogasiti 410 n'kufunkha masiku atatu. Matchalitchi akuluakulu anawasiya, pakuti anali Akhristu kale. Bishopu Wulfila anali atawamasulira Baibulo m'chinenero chawo, zilembo zake kuchita kupanga yekha. Alaric anamwalira chaka chomwecho.

Mu 418 anapatsidwa malo kummwera kwa France wa lero, likulu Toulouse. Mu 451 mfumu yawo Theodoric inafa ikumenyana ndi Attila wa a Hun, ili mbali imodzi ndi Aroma. Taganizani, adzukulu a othawa aja kukumananso ndi mtundu womwe unathamangitsa agogo awo. Mu 507 Clovis, mfumu ya a Frank, anawagonjetsa ku Vouillé, ndipo mphamvu zawo zinasamukira kutsidya kwa mapiri a Pyrenees. Ndi mmene mwawapezera ku Toledo.

Tsono funso lanu lenileni. Sanaphedwe onse ayi. Anali ochepa pakati pa anthu ambirimbiri oyankhula Chilatini. Poyamba panali mipanda iwiri: lamulo loletsa kukwatirana ndi eni nthaka, ndi chipembedzo, poti iwo ankatsata chiphunzitso cha Arius choti Mwana ndi wocheperapo kwa Atate. Mfumu Leovigild inachotsa lamulo la ukwatilo. Mwana wake Reccared analowa Chikatolika mu 587, ndipo msonkhano wa mabishopu ku Toledo mu 589 unatsimikiza za ufumu wonse. Pofika 654, Recceswinth anatulutsa malamulo amodzi a aliyense, olembedwa m'Chilatini. Chinenero chawo chinangozilala. Inu a ku Ntcheu mukudziwa: impi ikakwatira akazi a komwe yafika, mwana amayamwa chinenero cha amake.

Ufumu weniweniwo unagwa mu 711, pamene Tariq ibn Ziyad anawoloka kuchokera ku North Africa n'kugonjetsa mfumu Roderic. Dzina loti Gibraltar likuchokera ku Chiarabu, phiri la Tariq. Unagwa msanga chifukwa mafumu ake ankangokhalira kulandana mpando ndi kuphana. Ena mwa akuluakulu analowa Chisilamu n'kusunga minda yawo, ena anathawira kumapiri akumpoto.

Kachinthu kamodzi: Angoni omwe anawoloka Zambezi tsiku la kadamsana, mu Novembala 1835, ndi a Zwangendaba. A Maseko anu anawoloka paokha.

Mayi wa ku Area 47:

Aphunzitsi mwatikumbutsa choko. Ine ndiwonjezere zomwe ndinaona ndi maso, poti ndinakhalako ku Madrid zaka ziwiri pa sukulu.

Achimwene, a Visigoth mumawamva sabata iliyonse pa mpira osadziwa. Rodrigo, Fernando, Alfonso, Álvaro, onsewo ndi mayina a chi Goth. Rodrigo ndi Roderic yemweyo. Chimodzimodzi a Jere ndi a Maseko omwe Chingoni sachidziwa koma mfunda ali nawo.

Kunyumba yosungira zakale ku Madrid kuli chisoti chagolide cha Recceswinth, chomwe chinafukulidwa ku Guarrazar pafupi ndi Toledo cha m'ma 1858. Si chovala kumutu ayi, ankachipachika m'tchalitchi ngati chopereka. M'munsi mwake mukulendewera tizilembo tagolide totchula dzina lake, ndipo mawuwo ndi a Chilatini. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka mlonda wa mmenemo anayamba kundiyang'ana. (Pepani achimwene, alonda ndinu amodzi kulikonse.)

Mayi omwe ndinkachita lendi kwawo anaphunzira m'nthawi ya Franco, yemwe analamula Spain kuyambira 1939 mpaka imfa yake mu 1975. Tsiku lina tikusenda mbatata anayamba kulakatula mayina a mafumu a chi Goth motsatana, ngati mmene ife tinkalakatulira matebulo ku pulayimale. Anati ukaphonya mmodzi, rula m'manja. Nditawafunsa kuti mafumuwo anachita chiyani, anaseka n'kuti sakudziwa, anangouzidwa kuti ndiwo anayambitsa Spain mmodzi wachikatolika.

Ndale za lero zikudyabe pamenepo. Nkhani yomwe amaikonda ndi yoti Pelayo, yemwe amati anali wa mtundu wa a Goth, anagonjetsa Asilamu ku Covadonga, kumapiri akumpoto kuja, n'kuyamba nkhondo yolanditsa dziko yomwe inathera ku Granada mu 1492. Chipani cha Vox, chomwe chimalimbana kwambiri ndi obwera, chinakayambira kampeni yake ya Epulo 2019 ku Covadonga komweko. Ine zinkandiseketsa mowawa. Ukuona pa TV mabwato a anyamata a ku Senegal akufika ku zilumba za Canary, wandale n'kumati titeteze dziko la makolo athu, chonsecho makolo akuwanenawo anafika pa Danube m'mabwato, manja ali m'mwamba. Ndipo ku Canary komweko, munthu wochokera kumtunda ku Spain wodzimva amamunyoza kuti "godo", kutanthauza Mgoth.

Wa ku Mchesi:

Inu musawasambitse kwambiri anthu amenewa. Atangolowa Chikatolika anatembenukira Ayuda, mfumu Sisebut mpaka kuwabatiza mokakamiza. Wothawa dzulo, lero ndiye wothamangitsa anzake.

Ndipo madala a ku Kanengo, Angoni anu nawonso sanabwere ndi maluwa. Ine ndine Mchewa wa ku Dedza, agogo anga aakazi ankasimba mmene makolo awo ankagonera m'mapiri kuthawa impi, nkhokwe zikupsa kumusi. Komanso kufananitsa kwanuko kukutsimphina mwendo umodzi. A Visigoth kulibe amene amadzitcha dzinalo lero. Inu Inkosi Gomani muli nayo, chaka chilichonse mumakhamukira ku Umhlangano mutavala zikopa, ife misewu osadutsika. Mwataya chinenero, koma kutha simunathe.

Mphunzitsi wopuma, Likuni:

Za Ayuda mwanena zoona mphwanga, ndinazisiya dala kuopa kutalikitsa, ndipo sindinachite bwino. Pa za kufananitsa, werengani zaka. Kuchokera 376 kufika 711 ndi zaka 335. Kuchokera 1835 kufika lero sitinakwanitse n'komwe 200. A Visigoth pa msinkhu umenewo anali akadali ndi mafumu awo, akudzitchabe a Goth ndi chifuwa chonse.

Mlonda wa ku Kanengo:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomo achemwali, nanunso a ku Mchesi ngakhale mwandiponda chala. Za impi sindikana. Agogo anga aakazi enieniwo anali Achewa, ndipo mmene amayi awo anafikira m'banja la Angoni palibe ankafuna kuzikamba masana.

Nkhani ya nyama ya galu ija yandikhala pamtima usiku wonse. Cha m'ma 2 koloko magetsi anazima, ndinakhala ndi tochi ya pafoni kulemba zaka zonse zomwe mwatchulazi kuseri kwa mapepala akale olembapo magalimoto olowa pageti, n'kuwalowetsa m'buku pomwe panathothoka paja. Mnzanga wa shifiti, mnyamata wokonda Real Madrid, nditamuuza za dzina la Rodrigo anakana kwamtuwagalu, akuti ndasuta.

Ndapitiriza kuwerenga ndipo ndapezanso dzenje lina. Charlemagne wavekedwa chisoti ku Roma pa Khirisimasi ya chaka cha 800, kenako tsamba lotsatira Martin Luther ali kale pa mkangano ndi Papa mu 1517. Zaka 700 zapita ndi mandasi. Aphunzitsi, Loweruka ndikhala pa ofu ndipo ndili ndi ulendo wa ku Chinsapo kukaona mlongo wanga. Ku Likuni si patali. Ngati simukana alendo, ndibwera nalo bukuli, fanta ndigula ndine.