Thandizeni abale: Marilyn uyu ndi wa Warhol weniweni kapena andidyera?

Akuluakulu, ndili ndi funso. Ndimakhala ku Leeds, ndipo kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikutolera mapositala akale a pop art (luso lojambula anthu ndi zinthu zotchuka), makamaka osindikizidwa ndi silkscreen, njira yodutsitsa inki pa nsalu yonga sefa. Loweruka lapitali pamsika wa zinthu zakale ndinapeza chithunzi cha nkhope ya Marilyn Monroe, katswiri wa mafilimu wa ku America uja. Nkhopeyo ndi yapinki ndi chikasu, masentimita 91 mbali zonse. Bambo wogulitsayo anachita kulumbira kuti ndi ya Andy Warhol, katswiri wa pop art wa ku America, ine n'kupereka mapaundi 120. Nditafika kunyumba ndinaitembenuza, kumbuyo ndapeza zidindo ziwiri zabuluu. China chalembedwa "published by Sunday B. Morning", china "fill in your own signature". Siginecha palibe. Ndagula chiyani kodi? Komanso mayi a kunyumba akuti ndikaichititse laminate kuti ana asaidetse. Nditero?

Mlongo wa ku Manchester: Achimwene, laminate ayi chonde! Pulasitiki ikamatirira sichokanso, ndiye mtengo wonse wathera pomwepo. Selotepi nayonso musayerekeze.

Wosindikiza malaya ku Johannesburg: Choyamba onani ngati ndi silkscreen ndithu. Tengani galasi lokulitsa zinthu, muyang'ane pamalo pomwe pali mtundu umodzi wokha. Mukaona timadontho ting'onoting'ono tondondozana ngati ta munyuzipepala, imeneyo ndi offset, kusindikiza wamba kwa pamakina. Silkscreen inki yake imakhala yokhuthala, yosalala, mtundu uliwonse paokha, ndipo pamene mitundu iwiri yakumana imakwerana pang'ono. Ife timaiona tsiku ndi tsiku pantchito.

Mkulu wina wa ku London: Mwana wanga, mtima pansi. Za Warhol mwini wake zinatuluka mu 1967 pansi pa dzina la kampani yake, Factory Additions, zithunzi 10 za mitundu yosiyana, chilichonse makope 250, zosainidwa ndi kulembedwa nambala kumbuyo. Zimenezo simungazipeze pa mapaundi 120, ngakhale mutalota. Sunday B. Morning, osindikiza ena okopera zithunzi za Warholzo, anayamba kusindikiza zawo mu 1970. Zoyambazo zidindo zake n'zakuda, ndipo otolera amazifuna ndithu. Zina mwa izo Warhol anazilemba yekha kuti "This is not by me", nthabwala zake zinali zotero munthu uja. Zabuluu ngati zanuzo n'zapambuyo, zilipo zambirimbiri. Ndi silkscreen yabwino yokongoletsera nyumba, koma si ya Warhol.

Wofunsa: Zikomo bambo. Ndayang'ana ndi galasi, madontho palibe, inkiyo ndi yosalala. Nanga palibe komwe ndingatumize kuti akanditsimikizire?

Mkulu wa ku London: Bungwe lomwe linkatsimikizira ntchito za Warhol linatsekedwa mu 2012. Koma inu mukufunanso umboni wanji? Chidindocho chanena kale zonse, wakunamizani ndi wogulitsa, osati pepalalo.

Wina wa ku Area 25: Koma abale, mapaundi 120 pa chithunzi cha mzimayi woti simukumudziwa n'komwe? Kuno ndi matumba angati a chimanga amenewo?

Mlongo wa ku Manchester: Asiyeni achimwene, aliyense ndi chomwe amakonda. Inu ipezereni fulemu ya galasi lotchinga UV, cheza cha dzuwa choononga mitundu, ndi katoni yopanda asidi yoti pepala lisakhudze galasi. Musaipachike poomba dzuwa, mitunduyo imafwifwa. Ndipo nyumba za kuno ndi chinyezi mukuzidziwa, khoma la kubafa kapena kukhitchini ayi, ingachite mawanga abulauni.

Wofunsa: Ndamva. Fulemu ndikafunsa mawa. Chatsala n'kuwauza mayi a kunyumba, poti ndinawauza kuti ndagula mapaundi 30.