Maikulosikopu ya USB yolemba 1000x ija, ndigule kapena ndisiye?

Wa ku 25: Abale ndithandizeni. Ndikupanga kosi ya pa intaneti ya tibowa ting'onoting'ono tomera pamitengo, zitsanzo zambiri ndi za birch, mtengo wa makungwa oyera uja wa kumaiko ozizira. Tili pa Melampsoridium betulinum yemwe amaika timadontho tachikasu kunsi kwa masamba, ndi Taphrina betulina yemwe amaphukitsa tinthambi mothithikana ngati chisa cha mbalame. Ndikufuna ndiziyeserera pamasamba a konkuno. Ku Old Town wina akugulitsa ka maikulosikopu kolumikiza ku laputopu, pabokosi alemba 1000x, ati kamakuza zinthu ka 1000, akuti 85 pin. Ndikatenge?

Mfana wa Kawale: Musayerekeze achemwali!! Ine anandidyera ndalama mwezi wa Juni, 120 pin yathunthu, ndikafika kunyumba chooneka ndi miyendo ya nyerere basi, chuku cha pa buledi chimangooneka ubweya wobiriwira, ma spore, timbewu ta bowa tija, osaoneka olo limodzi. Nditabwerera akuti katundu akatuluka sabwezedwa. Mpaka pano mtima ukuwawabe.

Wa ku 25: 120?? Ine andiuza 85

Mfana wa Kawale: Ndiye anandibera kawiri

Bambo a Tadala: Ana inu mumakonda zotchipa. Yanga ndinaitanitsa ku Joni, ya maso awiri, magalasi anayi 4x, 10x, 40x ndi 100x, la kudiso 10x. Pa 400x ndi pomwe spore imaoneka bwino mpaka kuiyeza kutalika kwake mu ma micrometre (muyeso wa tinthu tosaoneka ndi maso), ndipo popanda kuyeza simungasiyanitse mitundu yofanana. Pa 1000x yeniyeni pamafunika kadontho ka mafuta pakati pa galasi ndi silaidi (kagalasi koikapo chomwe mukufuna kuona), nanga ka USB kanuko mafutawo muika pati? Ndimamata selotepi patsamba, ndikuika pa silaidi ndi kautoto kotchedwa lactophenol cotton blue, timizere ta bowa tonse timatuluka tabuluu bwinobwino. Mtengo wake sindinena pano, ena angakomoke.

Nachisale: Tamva bambo, muli nayo. Funso linali la 85 pin.

Mnyamata wa Biwi: Gulani Foldscope, ya pepala ija anapanga a Manu Prakash ku Stanford, imakuza ka 140 ndipo mumajambula ndi foni. Yotsalayo mugule bandulo

Bambo a Tadala: 140 ndi zoseweretsa za ana a pulayimale

Mnyamata wa Biwi: Komabe kuwala kumadutsa pansi pa silaidi, ka USB kaja kamangowunikira pamwamba

Nachisale: Ine chondivuta nchakuti birch mwamuona kuti ku Lilongwe kuno? Bowa wachikasu uja amasinthana pakati pa birch ndi larch, yonse mitengo ya kozizira. Bwanji osalimbana ndi chuku cha mtedza, Aspergillus flavus, chomwe chikubweretsa poizoni wa aflatoxin mpaka mtedza wathu kukanidwa kunja? Alimi a ku Mchinji angakuthokozeni.

Wa ku 25: Njira yozindikirira ndi imodzimodzi anti, birch ndi pophunzirira chabe. Kenako ndilowa ku mtedza ndi bulugamu.

Wa ku Bunda: Musagule chilichonse kaye. Kapempheni ku labu, kuno ku Bunda kapena ku Chitedze, muone kaye 400x ndi maso anu. Komanso masiku ano maso okha sakwana, mitundu yambiri amaitsimikiza ndi DNA, kachigawo kotchedwa ITS komwe akatswiri anasankha mu 2012 kukhala chizindikiro cha bowa.

Mfana wa Kawale: Amene akufuna yanga 60 pin, bokosi lilipo

Nachisale: Iwe, si wangonena kuti sikuonetsa kanthu?

Mfana wa Kawale: Yoonera nsabwe za pamasamba ikugwira

Wa ku 25: Nanga ya maso awiri yogwiritsidwa kale ntchito ingapezeke kuti muno mutauni? A Bambo a Tadala tatiuzani mtengo, sitikomoka.