Amayi akukapangidwa opareshoni ya kakolo, kunyumba tikonze zotani?

chemwali_wa_Bangwe

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munadutsamo mu zimenezi kapena munasamalako munthu. Amayi anga anaterereka potsika kamtunda ka kumpopi mvula itagwa, anathyoka mafupa awiri pa kakolo mwendo wamanja. Kuchipatala anawajambula nkuwaika chikhakha chatheka chija chomanga ndi bandeji, akuti tidikire kutupa kutsike kaye kenako akawapange opareshoni aike kachitsulo ndi ma screw. Adokotala anena kale kuti akatuluka asaponde ndi mwendowo kwa masabata 6, mwinanso kupitirira poti amayi ali ndi shuga.

Nde vuto langa ndi ili. Amayi ali ndi zaka 58, thupi ndi lalikulu ndithu, ndodo zoyendera sanagwirepo chibadwire. Nyumba ndi ya lendi, chimbudzi ndi chokumba chapanja chogwiritsa mabanja atatu, bafa yapanjanso, pakhonde pali masitepe ndipo amene mumaidziwa Bangwe mukudziwa kuti pathyathyathya ndi posowa. Ine ndimagwira ntchito ku Limbe ndimachoka mmamawa, masana amatsala ndi mdzukulu wawo wa Fomu 2 amene akapita kusukulu basi amayi ali okha. Ndigule chani, ndibwereke chani, nanga zimapezeka kuti kuno ku Blantyre? Achimwene ali ku Joni akuti atumiza ndalama tigule wilutcheya koma ine mtima sukundilola, ndikuona ngati ndalamayo ili ndi ntchito ina kungoti sindikudziwa iti. Chonde thandizeni.

wapaNdirande

Pepani chemwali, Ambuye awachize amayi. Ine ndinathyoka malo omwewo pa ngozi ya kabaza nde zomwe ndikunenazi ndinaziona ndi maso. Aliyense amathamangira ndodo ndi wilutcheya koma chimene chimazunza munthu tsiku lililonse ndi chimbudzi. Yesani panopa kunjuta ndi mwendo umodzi winawo uli mmwamba osakhudza pansi, muona nokha kuti pa chimbudzi chokumba sizingatheke, ndipo pamenepo mpamene anthu amapondera mwangozi kapena kugwa kumene.

Pitani kwa kalipentala sabata ino opareshoni isanachitike. Akhome mpando wamatabwa wolimba wokhala ndi zogwira mmbali zonse ziwiri, aboole pokhalira, pansi pake pazilowa ndowa ya chivindikiro. Musanapite yezani amayi kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo, mpandowo utalike choncho kapena kuposerako pang'ono, chifukwa mpando waufupi kukhala ndi kosavuta koma kudzuka ndi mwendo umodzi ndi nkhondo. Ena amangoboola mipando ya pulasitiki ija ya pa ukwati, ine sindingalimbikitse kwa munthu wathupi, ukaiboola imafooka ndipo miyendo yake imatakasuka pa simenti. Mpandowo uzikhala pafupi ndi bedi, mundowa muzithiramo timadzi pansi kuti fungo lisavute. Amayi akana poyamba, akuti ine ndizipanga zimenezi mnyumba, nde konzani katani kapena chitenje chotchinga ndipo wotaya akhale munthu amene iwo akumasuka naye, osati mdzukulu ngati ali mnyamata.

Kusamba aiwale kaye bafa yapanja, mumakhala ndere. Azikhala pa mpando mchipinda, beseni pambali, mwendo wachikhakha pa situlu atauvindikira ndi majumbo awiri omata ndi tepi, azidzipukuta ndi kathaulo osati kudzikhuthulira madzi. Chikhakha chikanyowa chimafewa ndipo chilonda chili mkatimo chimanyowanso.

Chinanso, mwezi uno ndi wamawa pansi musapake polishi, ndikudziwa amayi athu ndi polishi ofiira salekana koma ayi. Mphasa, tima doormat ndi zingwe za ma extension chotsani mnjira ya kuchipinda kupita pa sitingi rumu. Ngati amagona pa matiresi apansi bwerekani bedi. Thochi pamutu pa bedi chifukwa magetsi akathima usiku munthu ali pa ndodo ndi ngozi. Ndipo muwapatse kachikwama kokoleka pakhosi kapena kumbuyo koikamo foni, mankhwala ndi botolo la madzi, manja onse awiri amakhala ali busy, ngakhale kapu ya tiyi sunyamula.

wa_fiziyo

Mwaswera bwanji. Ine ntchito yanga ndi ya fiziyo, yothandiza ovulala kuyambiranso kuyenda ndi kugwiritsa ntchito ziwalo, zomwe anena achimwene pamwambapa nzoona, ndingowonjezera mbali ya zoyendera. Kwa mayi wa zaka zimenezo, wathupi, amene saloledwa kuponda ngakhale pang'ono, ine ndimayamba ndi fulemu yoyendera ya miyendo inayi ija osati ndodo. Ndodo zimafuna mphamvu za mmanja ndi balansi, achinyamata amazolowera tsiku limodzi koma akuluakulu ambiri amachita mantha nkumangoponda mobisa. Fulemu imakhazikika, amaikankhira patsogolo pang'ono, kutsamira ndi manja, nkudumpha ndi mwendo wabwinowo. Mnyumba imakwana. Kuipa kwake pa masitepe siigwira ntchito, nde masitepe apakhondewo awakwere tsiku lotuluka kuchipatala atagwiridwa ndi anthu awiri kapena atanyamulidwa pa mpando, ndipo azitsikanso pokhapokha popita ku cheki.

Ngati mupeza ndodo zamkhwapa, muziyeze pa iwowo ataima atavala nsapato imene aziyendera. Pakati pa khwapa ndi mutu wa ndodo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu, chogwirira chizifika pamene timavala wotchi mkono utalendewera, chigongono chipindike pang'ono akagwira. Thupi lizitsamira mmanja osati mkhwapa, mkhwapamo mumadutsa mitsempha ndipo munthu akamapachikika pamenepo dzanja limachita dzanzi mpaka kufooka. Onaninso timalabala tapansi, ndodo zobwereka zambiri timakhala titatha chitsulo chikuonekera, pa simenti zimenezo zimatsetsereka. Pa sitepe lamulo ndi loti pokwera umayamba mwendo wabwino ndodo zikutsatira, potsika zimayamba ndodo.

Kopeza: yambani kufunsa a fiziyo a pachipatala pomwe akukapangidwira opareshonipo, muwapemphe awaphunzitse asanatuluke, ngakhale panopa akudikira akhoza kuyamba kuphunzira poti kalenso sakuponda. Kuno ku Blantyre kulinso a MAP, Malawi Against Physical Disabilities amene akuluakulu amawadziwa kuti Malawi Against Polio, ndi amene amayendetsa Kachere Rehabilitation Centre pafupi ndi Queens ndipo za zipangizo zoyendera ndi ntchito yawo yakalekale, kafunseni zomwe ali nazo panopa. Ma pharmacy akuluakulu a mtauni ndi ku Limbe ena amagulitsanso, yendani awiri atatu mitengo imasiyana.

Koma chemwali chomwe ndikufuna mumvetse ndi ichi, masabata awiri oyamba opareshoni ikachitika ntchito ya amayi sikuyenda ayi, ndi kugona mwendo uli mmwamba. Phazi likwere kuposa pamene pali mtima, kutanthauza kugona chagada mapilo awiri atatu pansi pa mwendo. Kukhala pa sofa phazi lili pa katebulo sikukweza. Mapilowo akhale pansi pa katumba, chidendene chizilendewera osasindikiza, poti ashuga amachita zilonda pachidendene mkati mwa chikhakha osamva. Pa kakolo khungu ndi lopyapyala, mwendo ukatupa ulusi umakoka chilonda chimachedwa kupola, nchifukwa chake adokotala akudikiranso kutupa kutsike asanang'ambe. Ulusi nthawi zambiri amachotsa pakatha pafupifupi masabata awiri, kenako chikhakha chathunthu kapena boot, chinsapato cholimba chogwira kakolo.

Zothamangira nazo kuchipatala osadikira tsiku la cheki: ululu ukungokulirakulira mankhwala osagwira, zala zakuphazi kuzizira, kusintha mtundu kapena osatha kuzigwedeza, chikhakha kununkha kapena kuthimbirira ndi madzi ochokera mkati, thupi kutentha, katumba kupweteka ndi kulimba, kubanika kapena kupweteka pachifuwa. Zalazo muziziona inuyo mmawa ndi madzulo, musadalire kuti iwo anena.

mlongo_ku_Leeds

Pepani ndi matenda asisi. Ine ndili ku UK ndimagwira ya care nde anthu otere timawaona kwambiri. Kuno munthu asanatuluke a NHS, azaumoyo aboma akuno, amamuyeza kaye ngati angathe kuyenda ndi kukwera masitepe, amamupatsa ndodo kapena fulemu, ena mpaka mpando wachimbudzi, wilutcheya anthu ena amachita kubwereka. Palinso ka scooter kena kogwadapo bondo la mwendo wodwalawo nkumakankha ndi winawo, ambiri amakakonda kuposa ndodo, ku Joni kamapezeka mwina achimwene anu angakatumize pa basi. Chomwe ndimafuna kunena kwambiri ndi cha magazi kuundana, kuno munthu wachikhakha osaponda amamuunika ngati ali pachiopsezo ndipo ambiri amapatsidwa majekeseni odzibaya pamimba oletsa zimenezo. Amayi anu ndi msinkhu wawo ndi thupi lawo afunseni adokotala za nkhaniyi, musachite manyazi kufunsa. Ndipo azigwedeza zala, kupinda bondo, kusuntha mwendo wabwinowo ali pabedi pompo.

wapaNdirande

Kkkkk asisi a ku Leeds scooter ku Bangwe? Timatayala take tating'ono tija pa miyala ndi ngalande za kwathu kuno amayi akathera mchigwa. Ya majekeseniyo nde mwanena zenizeni. Wilutcheya nayonso chimodzimodzi ndi scooter, mnyumba za lendi zitseko ndi zopapatiza, panja ndi zitunda, ntchito yake ndi tsiku la kuchipatala basi ndipo kumeneko amakhala nazo. Ngati mukuifunabe funsani kutchalitchi kapena kumzikiti, mumpingo simulephera munthu amene anasamalapo wodwala ili pakona ikungodya fumbi. Zambirinso zilibe poika mwendo mowongoka, nde mumalowetsa thabwa pansi pa khushoni lituluke kutsogolo nkuikapo pilo. Ndalama ya achimwene sungani ina ya hayala, tsiku lotuluka ndi masiku a cheki minibasi ayi, kabaza nde musaganize nkomwe. Galimoto yaing'ono, amayi akhale kumbuyo chopingasa msana ku chitseko mwendo uli pa mpando.

gogo_wa_ku_Zomba

Mwana wanga pepa. Ine ndinasamala mchemwali wanga ndi vuto ngati lomweli, nayenso wa shuga. Anzangawa anena za mipando ndi ndodo, ine ndinena za anthu. Ndalama ya mlongo wakoyo ntchito yake ndi munthu. Itanitsa mbale kumudzi, wamkazi wamkulu amene amayi ako amamasuka naye, umulipirire thiransipoti ndi kangachepe ka sopo, akhale gadiyani kuchipatala kenako akhale nawo masana kunyumba. Mayi wa Chimalawi ukamusiya yekha mnyumba aona mbale zakuda aona mbaula, adzuka basi, sangagone kuyang'ana denga tsiku lonse pamene ndiwo sizinaphikidwe, ndipo mudzangomva ndinangoponda pang'ono pokha. Mdzukuluyo apite kusukulu, sangakwanitse kudzutsa munthu wamkulu akagwa.

Chachiwiri ndi odzazonda. Abwera a kumpingo, a kubanki mkhonde, aneba, aliyense Sobo, Fanta ndi mabanzi mmanja, amayi ako poopa kukhumudwitsa alendo azilandira nkumwa. Shuga akakwera chilonda sichipola msanga ndipo chimagwira mafinya mosavuta. Uwauziretu mwaulemu kuti ofuna kubweretsa kanthu abweretse mazira, usipa, nyemba, masamba kapena makala. Ukhale ndi kamakina koyezera shuga ndi ma strip okwana. Ufunsenso kuchipatala kuti mapilitsi a shuga amwe bwanji tsiku la opareshoni poti adzawauza kuti asadye. Brufen usangogula pa okala, kwa washuga funsa kaye chifukwa cha impso. Mankhwala aululu amphamvu aja ngati tramadol amamanga mmimba, nde madzi ambiri ndi masamba zisasowe.

Kudzabweranso ena odziwa kuwongola mafupa, ofuna kuthowa ndi madzi otentha kapena kutema mphini. Mkatimo mukhala muli chitsulo, wina asakhudze. Mkati mwa chikhakha mukayabwa asalowetse kamtengo kapena singano yolukira, azingogogoda pamwamba.

chemwali_wa_Bangwe

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula mutu. Kalipentala wapafupi apa wabwera kudzayeza ndipo wati awonjezera kathabwa kotsekera pamwamba kuti masana uzioneka ngati mpando wamba, amayi atamva zimenezo nde avomera. Achimwene ndawauza za wilutcheya poyamba anakwiya ngati ndikukana thandizo lawo koma nditawawerengera zomwe mwalembazi amvetsa, azakhali a ku Thyolo afika Lachisanu. Fulemu ndikafunsa mawa kwa a fiziyo. Funso lomaliza, kuphazi labwinolo azivala chani, poti amayi ndi a patapata basi, nanga usiku mwendo uzikhalabe pa mapilo kapena akhoza kugona chammbali mmene anazolowera?

wa_fiziyo

Patapata ayi, imavuka podumpha. Apezereni nsapato yotseka kumbuyo ya labala pansi, takisi yazingwe kapena yomata ili bwino, ndipo asadumphe ndi sokosi yokha pa simenti. Usiku mwendo ukhalebe pa mapilo makamaka masabata awiri oyambawo. Akatopa chagada agonere mbali yakumanzere, pilo wonenepa pakati pa miyendo kuyambira mbondo mpaka kuphazi kuti wachikhakhawo ukhale pamwamba osapsinjika. Azakhali akafika mupite nawo limodzi kwa a fiziyo awaonetse kagwiridwe powadzutsa, azigwira mchiuno ataima mbali ya mwendo wodwalawo osati kukoka mikono.