Filimu ya sing'anga ija, inu munaiona bwanji?

Mwana wa ku Linga:
Abale ndifunseko, amene munaonera filimu ya sing'anga wa kumudzi ija, ya nthawi ya atsamunda, munaiona bwanji? Ife tinaonera loweruka pa vidiyo sho ina pa boma pompano pa Nkhotakota, anthu anadzadza mpaka ena kuimirira pakhomo. Pamene mkulu uja amadzutsa mwana wokomoka uja anthu anaomba m'manja ngati Bullets yachinya, azimayi kumbuyo nthungululu, kenako apolisi a mzungu atabwera kudzammanga aliyense kutukwana, koma bambo wina wa kwaya anangodzuka nkutuluka ati izi nzausatana sangaonongerepo ndalama yake, chonsecho anali atalipira kale kkkk. Funso langa ndi loti, zoona azungu ankamanga asing'anga chifukwa chochiza anthu, kapena opanga filimuwo anangothira mchere kuti ikome?

Aphunzitsi opuma a ku Benga:
Mwana wanga, mchere anathiradi koma ndiwo zake nzenizeni. Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la za ufiti mu 1911, ndipo limene ankalimbana nalo kwenikweni si kupatsa munthu mizu ya m'mimba ayi, koma kumwetsa anthu mwavi ndi kuloza munthu kuti ndi mfiti. Mwavi uja ndi khungwa la poizoni, ukasanza amati ulibe mlandu, ukafa ndiye kuti unalidi mfiti, ndiye taganizani anthu angati anapita osalakwa. Pamenepa mpamene filimuyo inandinyasa ine, inasakaniza sing'anga wazitsamba ndi wolosera mfiti kukhala munthu mmodzi woyera mtima, basi mzungu yekha ndiye woipa. Komanso m'ma 1930 kunabwera a mchape, anthu oti amachotsa ufiti, kuchokera ku Mulanje, ankayenda m'midzi ndi kalilole, anthu kufola pamzere, kupereka nyanga ndi zithumwa nkumwa mankhwala ofiira, mpaka anakafika ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi ku Zambia. Agogo anga ankasimba zimenezi akuseka koma ukawafunsa ngati iwo anamwa ankasintha nkhani.

Nachisale_Dwangwa:
Aphunzitsi mwanena zoona koma musaiwale kuti nthawi imeneyo chipatala chinali kuti?? Munthu wa ku Mwansambo mkazi wake akudwala usiku ayende wapansi kukafika kwa amishoni ku boma? Sing'angayo ndiye anali dokotala, mzamba, phungu, zonse. Ine ndinalira pomwe amamuotchera kachisi paja, sindibisa. Ndipo bambo wa kwaya anatulukayo musamukhulupirire, oterowo ndi amene timakumana nawo mbandakucha akuchokera kwa asing'anga atavala chipewa mpaka m'maso kkkkk

Kambuzi wa pa Chia:
Kkkkk Nachisale mwaphatu munthu. Ine mbali yanga ndi ina, ndinaonera pa foni ndi amayi anga ndipo iwo sanaombe m'manja ngakhale kamodzi, anangoti zii mpaka kumapeto. Filimu itatha anayamba kukamba za 1995, nthawi ya Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga uja ankati analota mankhwala a Edzi, anthu kukhamukira kumeneko pa malole ndi mabasi kukamwa mchape ndipo mkuluyo sankalipiritsa ayi. Amalume anga anagulitsa ukonde kuti apeze thiransipoti, anakamwa, anabwera akusangalala kuti achira, chaka sichinathe tinaika maliro, ndipo nthawi imeneyo ma ARV anali asanafike m'zipatala zathu ndiye sindingawanene kuti anali opusa, munthu ukamamira umagwira ndi bango lomwe. Koma amayi akuti filimu imangoonetsa amene anachira, amene anakafera kunyumba atabwerako saoneka pa sikirini.

Mwana wa ku Linga:
Eeh pepani achimwene, sindimadziwa kuti nkhaniyi ifika pamenepo. Aphunzitsi, nanga Chikanga amene amatchuka uja anali wa mtundu uti?

Aphunzitsi opuma a ku Benga:
Ameneyo anali nchimi, ndiye kuti sing'anga wolosera, wa ku Rumphi, anatchuka kumapeto kwa m'ma 1950 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1960, anthu ankachoka ku Tanganyika ndi ku Northern Rhodesia kumutsatira, ambiri kukadziyeretsa pa nkhani za ufiti zomwezi. Opanga mafilimu athu atafuna nkhani yeniyeni ndi imeneyotu, bola akafunse mbali zonse, amene anathandizidwa ndi amene agogo awo analozedwa chala.

Nachisale_Dwangwa:
Chabwino ndamva, komabe mkulu anasewera using'anga uja amatha abale, maso aja akamabwebweta ine tsitsi linachita nyaunyau. Kambuzi nditumizireko pa WhatsApp ndionerenso, bando yanga yatsala pang'ono ndiye mutumize usiku.