Kodi mwambi wakuti "mlendo ndi mame" ungayenere Mzimu Woyera?

Wofunsa, wa ku Ulongwe:

Akuluakulu, amayi ndi abale nonse, ndabwera ndi funso lokhudza mwambi umene ambiri a ife tinaumva kwa agogo athu, wakuti "mlendo ndi mame." Pa Lamulungu la Pentekoste mlaliki wina kuno kwathu anautchula pofotokoza za Mzimu Woyera. Iye anati Mzimu ndi mlendo wolemekezeka amene amafika pamene pemphero lafika pachimake, ndipo popeza mlendo ndi mame, tiyenera kumugwiritsitsa dzuwa lisanakwere, chifukwa akachoka sitidziwa tsiku limene adzabwerenso. Mpingo unavomereza mokweza, koma ine mtima sunakhale pansi.

Monga ndinauphunzirira, mwambiwu unkanenedwa kwa mwini khomo amene wayamba kunyinyirika ndi mlendo. Mayi akayamba kuyang'ana ufa umene watsala m'dengu, kapena bambo akayamba kudandaula za nkhuku imene yaphedwa, wamkulu ankati, "Mupirireni, mlendo ndi mame," kutanthauza kuti sakhalitsa, ndipo mbiri imene adzapite nayo kwawo idzakhalitsa kuposa ufa umene wadya. Aliyense amene wadutsapo m'kanjira ka kudimba m'mamawa wa mwezi wa Juni kuno ku Angonia, m'dziko la Mozambique, akudziwa kuti mame amanyowetsa munthu mpaka m'mawondo, koma dzuwa likangokwera pang'ono udzu womwewo umakhala uli gwaa. Ndikupempha amene akuudziwa bwino mwambiwu andiuze ngati tanthauzo lake ndi lomweli, komanso ngati n'koyenera kuunena za Mzimu amene Yesu, pa Yohane 14:16, analonjeza kuti adzakhala nafe nthawi zonse.

Mkulu wa mpingo, wa ku Domwe:

Achimwene, mwambiwo munaumva bwino, ndipo akuluakulu ena ankaumaliza ndi mawu akuti "sachedwa kukamuka." Mtima wa mwambiwu ndi kusakhalitsa, moti munthu akachotsamo mfundo imeneyi palibenso chimene chimatsala. N'chifukwa chake ndikuona kuti mlaliki uja, ngakhale ankafuna kulimbikitsa anthu kuti azilemekeza Mzimu, anawaphunzitsa chinthu chimene Yesu sananene.

Dzina limene Buku Lopatulika linapereka kwa Mzimu pa vesi mwatchulalo ndi Nkhoswe, ndipo omasulira a Baibulo limeneli, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, sanalitole m'njira dzinali. Achinyamata ambiri lero amadziwa chinkhoswe ngati tsiku la zovala zatsopano, tambala ndi msoti, koma kale nkhoswe inali munthu wa udindo wolemera, kawirikawiri malume kapena mlongo wake wa mwini banja. Ankhoswe ndi amene ankachitira umboni kuti banjali ndi lenileni, ndi amene ankalangiza, ndipo pakabuka mkangano ndi amene ankakhala pamphasa n'kumva mbali zonse ziwiri. Mwana akadwala mwakayakaya, bambo sankangokhala chete osatumiza uthenga kwa ankhoswe, ndipo akatero unali mlandu. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti nkhoswe yabwino sinkaikira kumbuyo m'bale wake pamene walakwa. Inkamudzudzula pamaso pa anthu, kenako n'kumupepesera, chifukwa chimene inkateteza ndi pangano.

Tsopano werengani zimene Yesu ananena kuti Mzimu adzachita. Pa Yohane 14:26 akuti adzatiphunzitsa ndi kutikumbutsa zonse zimene Iye ananena, pa Yohane 15:26 akuti adzachita umboni za Iye, ndipo pa Yohane 16:8 akuti adzatsutsa dziko pa za tchimo, chilungamo ndi chiweruzo. Zonsezi ndi ntchito za munthu amene ali ndi mbali m'banjamo, pamene mlendo alibe pakamwa pa nkhani za pakhomo, ndipo akaona mwamuna ndi mkazi akukangana amatuluka panja mwaulemu. Yesu anati "Nkhoswe ina" chifukwa woyamba ndi Iye mwini, monga timawerenga pa 1 Yohane 2:1, kotero kuti Mzimu anadzapitiriza ntchito imene Yesu ankagwira pakati pa ophunzira ake tsiku ndi tsiku, poyenda, pakudya ndi pamene ankakanganirana ukulu.

Mbiri ya mpingo wathu kuno imandilimbikitsa pa mfundo imeneyi. Amishoni a Dutch Reformed anayamba ntchito pa malo otchedwa Mphatso mu 1909, koma boma la Apwitikizi linawachotsa mu 1922. Amene anali alendo anapitadi ngati mame, koma Akhristu anatsala, nawerenga Mawu m'nyumba zawo, ena nadutsa malire kupita ku Nyasaland kukamva ulaliki, ndipo mpingowo ulipo mpaka lero. Ine ndimakhulupirira kuti amene anawasunga zaka zonsezo ndi Mzimu yemweyo.

Katekisiti wopuma, wa ku Lifidzi:

Bambo mkulu wa mpingo, ndagwirizana nanu pa zambiri, koma ndikupempha kuti mawu akuti mlendo tisawataye msanga. Mu Mpingo wa Katolika, pa Misa ya Pentekoste, pali pemphero lakale loimba limene linalembedwa m'Chilatini cha m'zaka za m'ma 1200, ndipo limatchula Mzimu Woyera kuti mlendo wokoma wa mtima. Amene analilemba sankatanthauza kuti Mzimu amachoka msanga, koma kuti salowa mothyola chitseko, amabwera ngati mphatso, ndipo ayenera kulandiridwa. Abrahamu analandira alendo atatu pa mitengo ya ku Mamre osadziwa kuti walandira Ambuye, monga tikuwerenga pa Genesis 18, ndipo kalata ya kwa Ahebri 13:2 imatichenjeza kuti tisaiwale kuchereza alendo. Mwina mlaliki uja ankafuna kunena zimenezi.

Komanso fanizo la nkhoswe lili ndi malire ake. Nkhoswe sigona m'nyumba ya banja limene ikuyang'anira. Imakhala kwawo, mwina mudzi wina, ndipo imabwera ikaitanidwa. Ngati tingaime pa dzina lokhalo, munthu angathe kuganiza kuti Mzimu ndi woitanidwa pa mavuto okha, zimene sizikusiyana kwenikweni ndi zimene tikuzikana. Chimene chimatseka mpata umenewu ndi vesi lotsatira, Yohane 14:17, pamene Yesu akuti Mzimu akhala ndi inu ndipo adzakhala mwa inu, komanso 1 Akorinto 6:19, pamene Paulo akuti thupi la Mkhristu ndi kachisi wa Mzimu Woyera. Chikhulupiriro chimene maepiskopi anachikhazikitsa ku Constantinople mu 381, chomwe timachinena pa Misa, chimamutchula Ambuye ndi wopatsa moyo, ndipo moyo sungabwere mwa apo ndi apo.

Pamene ndikusiyana kotheratu ndi mlaliki uja ndi pa mame. Mneneri Hoseya anatchula mame m'njira ziwiri. M'chaputala 14 Mulungu akuti adzakhala ngati mame kwa Israele, ndipo zotsatira zake n'zakuti Israele adzachita maluwa ndi kuzika mizu, kutanthauza madalitso obwera usiku uliwonse m'dziko louma. Koma pa Hoseya 6:4, pamene akunena za mame okamuka msanga, Mulungu akudandaula za chikondi cha anthu ake, chimene chimaoneka m'mawa n'kuzimiririka. Choncho mame a m'mwambi wathu, aja osachedwa kukamuka, m'Malemba akuimira kusakhazikika kwa munthu, ndipo kuwaika pa Mzimu ndi kumusenzetsa cholakwa chimene ndi chathu.

Mayi wa chigwirizano cha amayi, wa ku Tsangano:

Abambo anga, ine sindinaphunzire za ubusa, koma mwambiwu ndili nawo ndi mawu. Nkhondo ya pachiweniweni ya kuno ku Mozambique itakula cha mu 1986, ambiri a ife tinathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo akuti othawa kwawo ochokera ku Mozambique anafika pafupifupi miliyoni imodzi m'Malawi. Abale amene anatilandira, ena a iwo a mtundu wathu womwe, poyamba ankatonthozana ndi mwambi umenewu, koma ife sitinakamuke. Tinakhala mpaka pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ambiri tinabwerera m'zaka ziwiri zotsatira. Kumeneko ndinaona kuti kupirira mlendo chifukwa choti achoka mawa ndi kosavuta, koma kugawana munda ndi chitsime ndi munthu amene sukudziwa tsiku lake lochoka kumafuna mtima wina, umene ine ndimati ndi chipatso cha Mzimu chija cha pa Agalatiya 5:22, kuleza mtima ndi chifundo.

Masiku amenewo nthawi zambiri tinalibe m'busa kapena wansembe pafupi. Ndikukumbukira mayi wina wachikulire amene mwana wake anatsala kuno osadziwika ngati ali moyo. Tikasonkhana madzulo pansi pa mtengo, iye ankagwada pa chiguduli, n'kutsegula pakamwa kuti apemphere, koma mawu sankatuluka, ankangobuula manja ali pachifuwa, ndipo wina wa ife ankayamba nyimbo kuti amuthandize. Patapita nthawi m'pamene ndinamva Aroma 8:26 akuwerengedwa, pamene akuti sitidziwa kupemphera monga kuyenera, koma Mzimu mwini amatipempherera ndi zobuula zosaneneka. Panalibe ng'oma, panalibe chimkuzamawu, panalibe amene anagwa pansi, ndipo ngati Mzimu akanakhala wobwera pa misonkhano yaikulu yokha, mayi ameneyo akanakhala wamasiye pa Mulungu. Zimandipweteka ndikamaona ana athu akuyenda kuchoka ku mapemphero a usiku kupita ku ena, akumati kuno Mzimu anabwera, uko sanabwere, ngati kuti kunyumba kumene achoka kulibe Mulungu.

Wofunsa, wa ku Ulongwe:

Zikomo kwambiri amayi ndi abambo. Pa tanthauzo la mwambi ndakhutira, koma pali malemba awiri amene mlaliki uja angathe kudzitetezera nawo. Pa 1 Samueli 16:14 timawerenga kuti Mzimu wa Yehova unamuchokera Sauli, ndipo Davide pa Salimo 51:11 akupempha kuti Mulungu asamuchotsere Mzimu wake Woyera. Ngati zinatheka kwa mfumu yodzozedwa, kodi sitinganene kuti Mzimu amachokadi?

Mkulu wa mpingo, wa ku Domwe:

Funso lanu ndi lolemera, achimwene, ndipo mipingo siyankha mofanana pa nkhani yoti Mkhristu angataye chisomo kapena ayi. Bambo katekisiti ndi ine mwina tingasiyane pamenepo. Koma ngakhale munthu atatenga mbali yakuti Mzimu angachoke, mwambiwu sukumuthandiza. Mame amakamuka popanda amene wawalakwira, chifukwa chibadwa chake n'chotero, ndipo mlendo amatsanzika ngakhale mwamuphera mbuzi. Sauli anakanidwa atakana mawu a Mulungu mobwerezabwereza, ndipo Davide anapemphera pemphero lija atatenga mkazi wa Uriya n'kuphetsa mwamuna wake. Pa nkhani zonse ziwirizi panali mlandu.

Tikumbukirenso kuti m'Chipangano Chakale Mzimu ankafika pa oweruza, mafumu ndi aneneri chifukwa cha ntchito inayake, pamene pa Pentekoste, masiku 50 Yesu atauka, Petro anatchula ulosi wa Yoweli wakuti Mzimu adzatsanulidwa pa anthu onse, ana aamuna ndi aakazi, okalamba ndi akapolo omwe. Kuchokera pamenepo chenjezo la atumwi likumveka mosiyana. Paulo pa Aefeso 4:30 akuti tisamvetse chisoni Mzimu Woyera amene tinasindikizidwa naye chizindikiro kufikira tsiku la chiwombolo, ndipo pa 1 Atesalonika 5:19 akuti tisazime Mzimuyo. Munthu samvetsa chisoni amene kulibe. Ndipo mukawerenga mavesi ozungulira Aefeso 4:30, muona kuti zimene zimamumvetsa chisoni ndi bodza, kuba, mawu onyansa, mkwiyo wogona nawo ndi mwano, zinthu zimene zimachitikira pamsika wa mbatata ya kachewere, pa sikelo ya chimanga ndi kuseri kwa chitseko cha kunyumba. Ndikanakhala ndi mwayi wocheza ndi mlaliki uja, ndikanamupempha kuti pa Pentekoste ikubwerayi adzawerenge ndime imeneyi kuyambira vesi 25 mpaka 32, kenako adzafunse mpingo kuti ndani mwa ife amene ali ndi mnzake amene sakulankhulana naye kuyambira nyengo yokolola yapitayi.